Denga Lonyamula Pamsana

Sikelo imene tinayezera nyumba zathu inali ya bambo ena ogula soya ndi chimanga pafupi ndi msika wa pa Mzimba Boma. Ndi ija yolendewera pamtengo, yokhala ndi ngowe kunsi. Titawapempha kuti atibwereke kwa mphindi zochepa, anatiyang'ana ngati anthu osokonekera mitu, poti m'malo mwa matumba a mbewu ife tinkapachikapo timitolo ta nsalu, zingwe ndi mapepala. Tinalipo anayi, tonse ophunzira zauphunzitsi, tonse ana a m'boma lomwelo, ndipo tonse tinadutsira ku sekondale ya Lunjika tisanabwere kuno ku koleji. Aliyense anali ndi kamtolo kake, ndipo aliyense chamumtima ankati wasankha mwanzeru kuposa anzake.

Ulendo wake unali wapansi, wa masiku 7, m'mwezi wa Julaye: kuchoka pa Boma, kudutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Perekezi, kukwera mpaka ku Luwawa m'mapiri a Viphya, kutsikira cha ku Champhira ndi Jenda, n'kukathera ku Embangweni. Tinkafuna kukwaniritsa zina mwa zofunika pa maphunziro athu a Master Guide, komanso tisabise, tinkafuna kudzaoneka ngati madolo pobwerera ku koleji. Alangizi athu anatipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti aliyense anyamule denga lakelake. Tinadandaula kuti tenti imodzi ingatikwanire tonse, n'kumalandirana ponyamula. Iwo anangoseka.

"Anyamata inu," anatero, "mukagona anayi m'tenti imodzi, womanga amakhala mmodzi, atatu enawo amangogwira tochi. Mawa lino mudzapatsidwa ana a eni kuti mupite nawo kutchire. Ndikufuna aliyense wa inu adziwe kudzigoneka yekha."

Monga ana a masiku ano, tinathamangira pafoni. Kumeneko tinapeza kuti kumayiko akunja kuli anthu amene amayenda wapansi miyezi yathunthu mwakufuna kwawo, ndipo ena mwa iwo amachita kuwerenga galamu iliyonse yolowa m'chikwama. Kwa iwo munthu wapepukidwa ngati katundu wake yense, kupatula chakudya ndi madzi, sakupitirira makilogalamu 4.5. Ali ndi matenti a munthu mmodzi osokedwa ndi nsalu yotchedwa Dyneema, olemera pafupifupi theka la kilogalamu, oimikidwa ndi ndodo zomwezo zimene mwini wake amayendera masana. Tinasirira mpaka kumeza malovu. Kenako tinaona mtengo wake: madola mazanamazana, osawerengera ndalama yotumizira. Mmodzi wa ife anagona akuwerengetsera zopempha achimwene ake a ku Joni kuti mwezi umenewo amugulire katenti kotchipirako m'malo momutumizira ndalama ya sukulu. Kutacha anachita manyazi ndi maganizo akewo. Mwana aliyense wa ku Mzimba amadziwa thukuta limene limakhala kumbuyo kwa ndalama yochokera ku Joni.

Chimene chinatikhazika mtima pansi ndi mbiri ya gogo wina wa ku America, Emma Gatewood. Mu 1955, ali ndi zaka 67, anayenda yekha njira yonse ya m'mapiri yotchedwa Appalachian Trail, ya makilomita oposa 3,000. Analibe tenti. Ananyamula bulangete, thumba losoka yekha, ndi katani ya pulasitiki ya kubafa yodzitchinjiriza nayo ku mvula. Tinakumbukiranso agogo athu aamuna amene ankachoka kwa M'mbelwa wapansi kukafuna ntchito ku Harare ndi ku Joni, bulangete lili paphewa, akumanga msasa pamene dzuwa lawalowera. Tinagwirizana kuti nafenso tidzisakire denga pa Boma pomwepo. Vuto linali lakuti nkhani imodzimodziyo aliyense anaimva mwanjira yake.

Woyamba, amene ndi wamtali komanso wofatsa pa tonsefe, sanafune zoyeserera. Anabwereka tenti ya kalabu ya Pathfinder ya kumpingo kwawo, ya anthu atatu, yansalu ziwiri: yamkati yokhala ndi neti ndi zipi, ndi yakunja yotchinga mvula. Pasikelo inakoka makilogalamu 4.2. Tinamuseka kuti wasenza nyumba ya aphunzitsi aakulu.

Wachiwiri, katswiri wathu wa masamu, ndiye anatengeka kwambiri ndi katani ya gogo uja. Analowa m'hadiweya n'kudulitsa mamita atatu a pepala lakuda lija timafolera nyumba zaudzu, n'kugulanso chingwe. Zonse pamodzi sizinafike ndi magalamu 700 omwe. Anatilembera patebulo kuti pa kilogalamu iliyonse ndi pa kwacha iliyonse iye ndiye wapambana, ndipo masamu akewo analibe potsutsira.

Wachitatu anali ndi mwayi wa pakaunjika. Pansi pa mulu wa majekete ndi zikwama anapezapo tenti yeniyeni ya munthu mmodzi, ya mtundu wobiriwira, mapaipi ake ali onse. Anaigula pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Inalemera makilogalamu 1.8. Inkanunkha ngati sokosi zonyowa, koma ife tinati ndi fungo la m'belo chabe. Anaiimika kamodzi pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, tinaijambula, n'kuipindanso.

Wachinayi, amene dzina lake lili pamwamba pa nkhani ino, analibe ngakhale ya nkhuku ziwirizo. M'sitolo ya kalabu munali nsalu yakunja ya tenti ina imene mapaipi ake anathyoka kalekale. Anaipempha, n'kupita nayo kwa telala wa pakhonde, amene anaidula kukhala ya makona anayi, mamita atatu mulitali ndi awiri ndi theka mulifupi, n'kusokerera timakutu tomangirira zingwe m'makona ndi m'mbali. Anawonjezapo neti yake yakale ya kusekondale, yozigambazigamba, ndi matumba awiri a feteleza ochapa bwino, osokedwa pamodzi kuti akhale choyala pansi. Kalona kameneka, neti, matumba, zingwe ndi zikhomo zansungwi zinakwana makilogalamu 1.3.

Tinanyamuka Lachitatu m'mamawa. Usiku woyamba, titapempha malo kwa a nyakwawa m'mudzi wina woyandikana ndi Perekezi, amene anavutika anali wa kalona uja. Tenti ili ndi maonekedwe ake kale. Ukalowetsa mapaipi imaima yokha, ngakhale womangayo akhale mbuli. Kalona kalibe maonekedwe. Kamakhala chimene manja ako akapanga. Mnzathuyo anamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri, n'kuyala nsalu pamwamba ngati denga la tchalitchi, lalitali bwino, kukamwa kwake kutaloza kumene kunkachokera mwera. Usiku wonse mphepo inkalowa kumutu n'kutulukira kumiyendo ngati mumpaipi. Mfundo zimene anakhoza pamayeso a zingwe zinamasuka kawiri mumdima. Anatuluka m'mawa maso ali psuu, pamene wa pepala lakuda ankaimba nyimbo akupinda nyumba yake yopepukayo.

Tsiku lachiwiri linali la wamtali uja. Madzi okha, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo aliyense ankanyamula malita atatu. Kuwonjeza ufa, nyemba zophikaphika, mtedza, kampoto ndi bulangete, chikwama chake chinafika makilogalamu 17, iye mwini akulemera 60. Oyenda maulendo otere amalangiza kuti katundu asamapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako. Iye anali atapitirira ndi makilogalamu asanu athunthu. Pokwera zitunda ankatsalira, malamba a chikwama anamusupula mapewa, ndipo madzulo anali ndi matuza kuzidendene zonse ziwiri. Apa tinaona kuti amene amawerenga magalamu aja si amisala. Kilogalamu imene siimveka pakhomo pa nyumba imakhala mwala wa mphero pofika masana.

Tinafika cha ku Luwawa Lachisanu dzuwa litapendeka. Ndi dera lokwera mamita oposa 1,500, chakumwera kwa nkhalango yaikulu ya paini ya Viphya, imene ambiri amangoitchula kuti Chikangawa. Pali damu, pali mapaini, ndipo pali kuzizira kumene munthu wa ku Ntcheu angaganize kuti akukudziwa mpaka atakafika. Mu Julaye dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, choncho tinali ndi ola limodzi lokha kuti tipemphe malo, timange, tiphike ndi kusamba Sabata lisanalowe. Pamenepa tinazindikira chinthu chimene sitinachiwerenge pafoni paja. Anzathu akunja aja amasankha denga longogonamo maola ochepa n'kulipinda mbandakucha. Ife timafunika denga loti tikhalemo usiku uwiri ndi tsiku lathunthu, lomangidwa kamodzi kokha mwachangu, losafuna kusokedwa kapena kukonzedwa mpaka dzuwa la Sabata litalowa.

Wa masamu, poopa kuzizira, anatsitsa pepala lake mpaka pansi mbali zonse n'kutsindira m'mphepete ndi miyala, osasiya ndi kampata komwe. Anasankhanso malo otsika, pafupi ndi madzi, chifukwa panali kaudzu kofewa. Wa kalona, ataphunzira pa Perekezi, anakwera pang'ono kumtunda pansi pa mitengo, anakhomera mbali imodzi pansi penipeni moyang'ana mphepo, n'kusiya mbali inayo yotseguka.

Pakati pa usiku kunagwa nkhungu yokhala ndi kamvula kowaza, kaja kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka mkati mwa mafupa. Cha m'ma 2 koloko tinadzidzimuka ndi mawu oitana mwapansipansi. Anali wa masamu. Titamuunika ndi tochi, bulangete lake linali chonyowa ngati lachapidwa, mano akugundana, ndipo poyankha ankachita kukoka mawu. Chodabwitsa n'chakuti pepala lake silinadonthe. Madzi anachokera mkati. Munthu akagona amatulutsa chinyezi popuma ndi pakhungu, nayonso nthaka yonyowa imatulutsa chake. Chinyezicho chikakhudza pepala lozizira chimasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto. Popeza anatseka paliponse, chinalibe kotulukira. Mphepo ikagwedeza pepala, madonthowo ankamugwera ngati mvula yakeyake. Pomaliza ngodya imodzi inang'ambika pamene anaboola kuti alowetse chingwe, nkhungu n'kulowa yonse.

Tinaganiza zomulowetsa m'tenti ya pakaunjika, yomwe inali pafupi, koma mwini wake tinamupeza atakhala tsonga pakati, atakumbatira chikwama. Fungo lija silinali la m'belo. Unali utoto wotchinga madzi wa mkati mwa nsalu umene unali utaola ndi ukalamba, ndipo tsopano unkasupuka ngati chikhungwa cha njoka. Madzi ankalowera m'misoko yonse. Safunsa anadya phula: tinaijambula tenti ija, koma palibe anaganiza zoithira ndowa imodzi ya madzi tisananyamuke.

Nyumba imene inatipulumutsa ndi ija tinkaiseka. Tinamuvula mnzathuyo malaya onyowa, kumuveka juzi youma, n'kumugoneka m'tenti ya makilogalamu 4.2 pakati pa anthu awiri, mabulangete ouma ali pamwamba. Panapita nthawi ndithu asanasiye kunjenjemera. Palibe anagonanso. Tonse tinkaganiza chinthu chimodzi chimene palibe anachitchula: tinali kutali ndi msewu wa M1, usiku, ndipo tikanati tonse anayi tatengera nzeru ya pepala lakuda, sipakanakhala malo ouma oti n'kumuikapo munthu.

Kutacha, mayi ena a m'nyumba zapafupi, popita kotunga madzi, anaona mabulangete ali yangalala pazitsamba. Anaima n'kutula ndowa.

"Mwawuka uli, ŵana ŵane?"

"Tawuka makora, amama, kwali imwe?"

Anayang'ana pepala long'ambika lija, anayang'ana nkhope ya mnzathu, n'kugwira pakamwa. Anatifunsa ngati kwathu kulibe akuluakulu otiuza kuti munthu sagona kudambo mwezi wa Julaye, poti mphepo yozizira usiku imatsikira kumeneko ngati madzi. Anatikalipiranso kuti bwanji sitinagogode pakhomo pawo. Tinayankha kuti tinaopa kuvutitsa anthu usiku. Iwo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo khitchini yawo sinakanepo munthu. Posakhalitsa mwana wawo anabwera ndi mbatata zootcha ndi phala lotentha, mabulangete athu n'kupita kukauma pamwamba pa moto wa kukhitchini. Gogo wa ku America uja nayenso, tinakumbukira mochedwa, masiku ambiri ankagona m'makomo mwa anthu amene anamulandira panjira. Mbali imeneyo ya nkhani tinali titailumpha.

Nkhungu itayera, Sabata linakhala lowala bwino, ndipo nyumba zathu zinaonetsanso makhalidwe ena. Pofika masana, pansi pa pepala lakuda panali ngati mu uvuni. M'tenti yaikulu ija munali motentha ndi mopanikiza. Kalona kaja, mbali yake yotseguka itatukulidwa ndi ndodo ziwiri, kanasanduka khonde. Tonse anayi tinakwana pamthunzi wake, tinaphunzira phunziro la Sukulu ya Sabata pamenepo, tikuyang'ana damu, ndipo ana awiri a mayi aja anabwera kudzaimba nafe.

Masiku otsalawo anali otsetsereka. Wa masamu anaphunzira kumanga pepala lake mosaboola: amakulunga kamwala kosalala pangodya, n'kumanga chingwe pakhosi pa kamwalako, ndipo amasiya mipata iwiri kuti mpweya uzidutsa. Silinamunyowetsenso, ngakhale linkachita phokoso usiku wonse. Tinagawana mapaipi ndi nsalu za tenti yolemera ija kuti mapewa a mwini wake apume, ndipo alangizi athu atamva pambuyo pake sanatidzudzule. Titadutsa Jenda, kulowera ku Embangweni kumene a mishoni ya Livingstonia anakhazikitsa siteshoni ya Loudon mu 1902, kuzizira kunachepa koma m'mphepete mwa madambo munali udzudzu. Apa neti yozigamba ija, yolendewera kunsi kwa kalona n'kupindiridwa pansi pa matumba, inagwira ntchito yofanana ndi ya tenti yodula. Wa pepala anagona atafunda kumutu, akudzimenya makofi.

Pobwerera tinakhala pansi kuti tione amene anapambana, ndipo tinalephera kugwirizana. Chimene tinagwirizana n'chakuti sikelo ija inkayankha funso limodzi lokha, la msana. Sinkadziwa kalikonse za usiku. Galamu iliyonse imene wachotsa m'chikwama umailipira penapake. Anthu a ndalama amailipira ndi madola, pogula nsalu yopepuka koma yolimba. Ife amene tilibe madola timailipira ndi luso: kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kusankha malo okwera pang'ono ndi apansi pa mitengo pamene mame sagwa kwambiri, kumanga mfundo zosamasuka ngakhale manja atauma ndi chisanu. Amene alibe madola komanso sanaphunzire lusolo amailipira ndi thupi lake, ndipo mtengo umenewo ndi umene tinatsala pang'ono kuuona ku Luwawa.

Choncho kwa anzathu amene mukukonzekera ulendo wotere, nazi zimene ife tidzachite tisanapachikenso kanthu pasikelo. Tidzayamba tafunsa za malo ndi mwezi, kwa anthu okhala komweko, chifukwa denga loyenera ku Embangweni mu Okutobala si loyenera ku Viphya mu Julaye. Tidzaimika dengalo pabwalo la kwathu n'kulithira madzi ndi kheni ya kudimba, wina ali mkati. Tidzalimanga usiku, opanda wotigwirira tochi, mpaka manja atazolowera, kenako tidzagonamo usiku wathunthu khomo la amayi lili pafupi. Tidzaonetsetsa kuti mpweya uli ndi polowera ndi potulukira. Sitidzaiwala choyala, poti kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Matumba awiri ndi udzu wouma kunsi kwake zimaposa bulangete lachiwiri. Neti tidzatenga yathu yakale, osati kuchotsa pabedi la mwana kunyumba. Kandulo sitidzayatsa pansi pa pepala kapena m'tenti, ndipo m'nkhalango ya paini, imene moto wolusa waiwononga kale kwambiri, tidzaphikira pokhapo pamene eni malo atiloleza.

Alongo athu a m'kalasi atamva nkhaniyi anatiuza kuti iwo kalona kotseguka mbali imodzi sangakafune, ngakhale katapepuka bwanji. Akufuna chinthu chotseka ndi zipi, choti munthu n'kusinthiramo zovala ndi kugona mtima uli m'malo. Sitinawatsutse. Kilogalamu yowonjezera imene ikugulira tulo si katundu wachabe, ndipo munthu amene sanagone sayenda mtunda wautali.

Chimene chimatisowetsa mtendere mpaka lero ndi mawu a alangizi aja onena za ana a eni. Zaka ziwiri zikubwerazi tidzakhala aphunzitsi, ena m'sukulu za mpingo, ena m'midzi yakutali, ndipo kalabu ya Pathfinder idzaperekedwa m'manja mwathu chifukwa ndife achinyamata. Mwana wa zaka 12 adzatifunsa choti anyamule, ndipo makolo ake adzagula chimene ife tanena, ndi ndalama ya nkhuku zawo. Mnyamata wa zaka 20 ananjenjemera maola awiri n'kuchira. Sitikufuna kudzadziwa kuti mwana wamng'ono angapirire maola angati.

Tinabwerera pa Boma pa lole ya matola, fumbi lili mpaka m'makutu. Bambo a sikelo aja anatizindikira tikudutsa, n'kutiitana.

"Ana anga, nanga mpikisano wanu uja anawina ndani?"

Wa masamu ndiye anayankha, mwaulemu wake wonse: "Adada, sikelo yanu ndi yabwino, koma ife tinaifunsa funso lolakwika."

Telala wa pakhonde uja tsopano ali ndi nsalu zina zitatu za matenti akufa zoti adule, ndipo tamupempha kuti imodzi aisokere neti ndi zipi. Tenti ya pakaunjika inasanduka thumba losungiramo zikhomo. Pepala lakuda lija likufunditsa matumba a chimanga kwa amayi a mnzathu, ndipo akuti ntchito imeneyo likuigwira bwino kwambiri.